Mayina a M'mphepete mwa Tsamba

"Muwotche chiyani? Buku la makolo athu muliwotche inu, achimwene?"

"Ndati ndiliwotcha, ndipo ndiyambira kompyuta yakoyo. Iwe sukuona zimene zikuchitika pakhomo pano?"

"Chikuchitika n'chiyani? Makoswe?"

"Makoswe amavula nsapato pakhomo, Sakina?"

Mawu amenewa ndinawamva ndili m'nyumba mwanga, ndikukanda ufa wa mandasi. Musati ndinatchera khutu dala ayi. Nyumba zathu za lendi ku Chinamwali kuno ndi zamdadada, khoma lake la njerwa imodzi, ndipo silifika n'kudenga komwe. Mnzako akayetsemula mbali inayo, iwe umangoti pepani.

Ine ndine amake Neliya. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, koma maso ndili nawo. Bambo a Neliya ali ku Joni, chino n'chaka chachitatu, ndiye pakhomo timakhala awiri, ine ndi mwana wanga wa zaka ziwiri ndi theka. Okangana aja ndi a Twaibu, telala wa pamsika, ndi mlongo wawo wamng'ono Sakina, amene amagwira ntchito ya mabuku akale kukoleji. Nkhani ya tsiku limenelo simungaimve bwino ndikapanda kubwerera m'mbuyo pang'ono.

Buku ankalimbiranalo ndinali nditaliona kale. Soketi yanga inapsa, ndiye foni ndinkakatchaja kwawo, ndipo Sakina ndi munthu wokonda kulongosola ntchito yake ngakhale kwa ife osaphunzira. Anandiuza kuti bukulo lidalembedwa pamanja m'Chiarabu zaka zoposa mazana asanu zapitazo, kugombe la nyanja yamchere. Muli mapemphero a apaulendo ndi za nyenyezi zolondolera njira. Kholo lawo, Che Likaka, lidabwera nalo kuno m'masiku a malonda a minyanga. Nkhalambayo itamwalira, ana ake anayi adadula ulusi wa bukulo n'kugawana masamba monga anthu agawanira mbuzi. Wina adapita ndi gawo lake ku Lichinga. Wina adabwerera ku Zanzibar. Wachitatu adali khukhi wa mzungu, adapita naye ku Ulaya osabwerakonso, ndipo masamba ake adathera mulaibulale ina kumeneko. Gawo lachinayi ndilo lidatsala kuno, m'kathumba kachikopa kamene a Twaibu ankasunga pansi pa bedi.

"Nanga mukawatenga bwanji masamba enawo?" ndinafunsa.

"Sitiwatenga, amake Neliya. Eni ake kumeneko amawajambula, n'kunditumizira zithunzi pa intaneti. Mapepala enieni sasuntha. Amakumana muno mokha." Anagogoda kompyuta yake ndi chala.

Pambuyo pake, zithunzizo zitafika, anandionetsa mmene amadziwira tsamba lotsatana ndi linzake. Pamene njenjete inaboola tsamba la ku Zanzibar, bowo lomwelo limapezekanso pa tsamba la pansi pa bedi. Banga la madzi loyambira pa tsamba la ku Ulaya limakathera pa la ku Lichinga. Ndinamva msanga, pakuti ndi mmene timalumikizira zitenje ziwiri kuti maluwa akumane.

Zodabwitsa zinayamba sabata imene zithunzi za ku Lichinga zinafika.

Choyamba kusowa inali kapu yanga yobiriwira. Ndinaisiya pathandala, m'mawa ndinaipeza pakhonde la anzangawo, yoimikidwa bwinobwino, yotsukidwa. Ndinati ndi ana apamdadada. Kenako beseni losambiramo mwana. Nalonso pakhonde pomwepo, pansi pake pali timatope tofiira. Dothi lathu kuno ndi lakuda.

Ine ndimadzuka mbandakucha kukoleza mbaula, kuti mandasi apse anthu asanayambe kupita kuntchito. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chili chokhachokha, phiri losaoneka. Tsiku lina ndikupemerera moto ndinamva munthu akutsokomola panja. Sichinali chifuwa. Kunali kutsokomola kuja kwa mlendo waulemu amene wafika pakhomo anthu ali m'tulo, akuchita manyazi kunena odi. Ndinatsegula. Panalibe munthu. Koma mkeka wanga umene ndinaupachika pachingwe unali woyalidwa pakhonde la a Twaibu, ndipo nditaugwira kuti ndiupinde, unali wofunda ngati pangochoka anthu.

Zithunzi za ku Zanzibar zitafika, otsokomola anachuluka. Pakhonde panayamba kumveka fungo la nsomba zamchere ndi mafuta ena onunkhira amene sindinawamvepo pamsika uliwonse. Galu wa eni nyumba, amene amauwa ngakhale nkhuku, anayamba kulambalala khonde limenelo, mchira pansi, ngati akudutsa pamaliro. A Twaibu anandiuza okha kuti akamaswali m'mawa amamva phwa, phwa, phwa, kunja kwa chitseko, mmene zimamvekera nsapato anthu akamavula pakhomo la mzikiti. Anayamba kuwonda. Pamsika anasoka mkono wa malaya a mwini chogadamiza. Sakina yekha ndiye sankamva kanthu, chifukwa ankakhala atatseka makutu ndi timawaya take, maso pakompyuta. Mkangano unayamba pamenepo. Anasiya kudyera pamodzi. Nyumba imodzi, mbaula ziwiri.

Sabata ya zithunzi za ku Ulaya ndiyo ndinakumana ndi munthu uja. Kunali masana dzuwa lili paliwombo, ndikuchokera kumsika, beseni la mandasi pamutu, Neliya kumsana. Pamphambano yolowera kwathu panaima bambo wovala mkanjo wofwifwa, pamwamba pake jekete lalikulu lokhuthala longa bulangete.

"Mayi, kwa Che Likaka ndi kuno?"

Dzinalo ndinali nditaliiwala, ndiye ndinati sindikuwadziwa.

"Anatiitana," anatero, mawu ake otsika. "Tabwera ndithu. Koma chitseko sakutsegula."

Neliya ndi mwana woopa anthu. Ngakhale amalume ake enieni akabwera amabisala kumbuyo kwanga. Koma tsiku limenelo ndinamva akudzikoka kumsana, manja onse awiri atatambasulira bamboyo. Ndinapotoloka kuti ndimange bwino chitenje, ndipo pobwezanso maso pamphambano panali mbuzi yokha. Mpaka lero ndikayesa kukumbukira nkhope yake, chimene chimabwera ndi jekete basi.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anasintha. Ankatenga kapu yobiriwira ija, kutunga madzi m'ndowa, n'kumapita nayo pakhonde la anzathu akudondeza. Amaimika pansi, n'kubwerera kudzatunganso. Ndikamupatsa phala, amanyamula mbale n'kupita nayo komweko. Ndikamubweza amafumbata pakamwa.

"Idya, Neliya."

"Ayi. Ababa kaye."

"Ababa ati? Ababa ako ali ku Joni."

Amangoloza pakhonde popanda munthu.

Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa kuti alendo ndiwo amayamba kudya. Masiku anayi mwana osalawa kanthu koma madzi. Kuchipatala anamuyeza malungo, sanapeze. Timasaya tinalowa, kamkanda ka m'chiuno kanayamba kutsetsereka.

Tsiku lachisanu ndinalowa m'nyumba kukatenga shuga, kanthawi kongotsegula chitini. Potuluka, mwana palibe. Ndinathamanga wopanda nsapato. Ndinamupeza atadutsa kale mphambano, akulowera kumsewu waukulu wa ku Liwonde kumene kumathamanga malole. Ankayenda bwinobwino, mosadzandira, dzanja lake lamanja lili m'mwamba, zala zitapinda, monga achitira mwana wogwidwa padzanja ndi munthu wamkulu.

Nditamunyamula, dzanja limenelo linali lozizira ngati lachoka m'madzi.

"Ukupita kuti?"

"Ababa atopa," anatero. "Tikupita."

Usiku umenewo ndinagona nditamumangirira kumwendo kwanga ndi mpango. Ndinaganiza zosamuka, ndinaganiza zoitana abusa. Koma ndinakhalanso pansi n'kuganiza monga ndimaganizira pa malonda. Ine ndimadziwa kusiyanitsa wakuba ndi wanjala akaima pafupi ndi beseni langa. Anthu awa anatenga chiyani? Kapu, beseni, mkeka. Foni ndinaiiwalapo panja, sanaikhudze. Nkhuku zonse zilipo. Ndipo wakuba satsuka kapu. Awa sanali afiti kapena ziwanda. Anali anthu ochokera kutali, a ludzu, a fumbi kumapazi, odikira kuti wina awauze kuti lowani. Pamdadada wonse wowalandira anali mmodzi yekha, mwana wanga. Tsopano atopa, akubwerera, ndipo akutenga yekhayo amene anawachitira ulemu.

M'mawa mwake ndi pamene ndinamva mkangano uja kuseri kwa khoma. Nditamva botolo la parafini likutsegulidwa, ndinasamba m'manja, kubereka Neliya, n'kukalowa osanena n'odi yemwe.

A Twaibu anali ataima pakati pa nyumba, kathumba kachikopa kudzanja ili, botolo kudzanja ilo. Sakina anali pakona atakumbatira kompyuta ngati khanda.

"Amake Neliya, izi ndi zapabanja," anatero a Twaibu.

"Zinali zapabanja zisanagwire mwana wanga padzanja. Taikani botololo pansi, achimwene. Mukawotcha, alendo anuwo apita, inde. Koma sapita okha."

Ndinawauza za kumsewu. Sakina anayang'ana timasaya ta Neliya, ndipo kwa nthawi yoyamba sananene za makoswe.

"Tsegulani zonse ziwiri ndione," ndinatero. "Kathumbako ndi kompyutayo."

"Mumawerenga Chiarabu kodi?" anafunsa a Twaibu, mwina mwachipongwe.

"Ngakhale Chingerezi sindiwerenga. Tsegulani."

A Twaibu anayala tsamba limodzi patebulo, lofiirira ngati fodya wouma. Sakina anapeza chithunzi cha tsamba lomwelo. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Pakati zinali zofanana, mizere yokongola yoongoka. Koma tsamba la patebulo linali ndi timalemba tina m'mphepete, tokhotakhota, tina topingasa, tina ta inki yakuda, tina ta pensulo, kamodzi ka bolopeni. Pakompyuta m'mphepete munali mwa mbee.

"Nanga timalemba ta m'mbaliti mwatisiya kuti?"

"Ndinadula," anatero Sakina. "Ntchito yathu ikufuna mawu akale enieniwo. Za m'mphepetezo adalemba anthu ena pambuyo pake. Ndimadula pa tsamba lililonse kuti masamba alingane, n'kuzisunga padera. Ndimati ndidzaziona ntchito ikatha."

A Twaibu anakhala pampando mwadzidzidzi ngati wina wawakankha.

"Wadula? Pa masamba onse? A ku Lichinga, a ku Zanzibar?"

"Onse. Ndi mayina chabe a anthu amene ankasunga bukuli."

"Si osunga buku, iwe! Ndi akufa athu amenewo!" Anaika chala pa tsambalo. "Munthu wa m'nyumba ino akamwalira, wosunga buku amalemba dzina lake m'mphepete, kuti ayende ndi mapemphero a apaulendo. Ili la bolopenili ndi la amayi. Ndinalemba ndine."

Sakina anayang'ana dzinalo, kenako achimwene ake.

"Munandiuzapo liti, achimwene? Bambo ankakutengerani inu kuchipinda n'kutseka chitseko, ine ndili kutsuka mbale. Bukuli ndinaligwira koyamba iwo atamwalira. Ndikanalota?"

"Si nkhani youza ana aakazi."

"Ndiye mwaona kumene yatifikitsa nkhani yosauza ana aakazi."

"Iwenso ukanafunsa usanatenge lumo lako la pakompyutalo!"

"Zakwana," ndinatero. "Nonse mwalakwa, ndipo nonse muli ndi ntchito. Inu achemwali mwaitana abale anu kuchokera kumaiko atatu, nyumba mwaimanga bwino, koma anthu mwawadulira panja. Bwezerani mayinawo. Inu achimwene mumadziwa katchulidwe kake, muwaitane mmodzimmodzi. Ine ndikaphika. Kwanu mukakumbukira akufa mumaphika chiyani?"

"Mpunga wa sadaka," anayankha a Twaibu motsitsa mawu.

"Ndiye thamangani kumsika. Nyama mukagule nokha kumene mumagula, ndingakulakwitseni."

Tsiku limenelo mandasi sindinakazinge. Sakina anakhala pakompyuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kubwezera m'mphepete mwa tsamba lililonse. Ndinkamuona pawindo ndikusankha mpunga. Masamba aja anasiya kulingana, ena otambalala, ena ong'ambika m'mbali, koma anayamba kuoneka ngati nyumba yokhalamo anthu. Zinapezeka kuti abale a kutali aja sadausiye mwambowo. A ku Lichinga adalemba akufa awo. A ku Zanzibar adalemba awo. Pa masamba a ku Ulaya panali dzina limodzi lokha, la khukhi uja, malemba ake onjenjemera, otsetserekera pansi.

"Adamulembera ndani, poti adali yekha?" anafunsa Sakina.

A Twaibu anayang'anitsitsa. "Adadzilemba yekha."

Ndinakumbukira jekete lija. Ndinakumbukiranso bambo a Neliya ku Joni, ndipo ndinapita kukasonkhezera moto.

Dzuwa lisanalowe tinatsegula chitseko chawo mpaka kukhoma. Ndinaika beseni la madzi oyera pakhomo, kapu yobiriwira pambali pake. Mkeka wanga ndinauyala m'kati, osati pakhonde. Pakati pa mkeka tinaika thireyi yaikulu ya mpunga ndi nyama ya mbuzi. A Twaibu anavala mkanjo woyera, Sakina anafunda mpango kumutu n'kugwira kompyuta kuti achimwene ake aziona. Ine ndinakhala pakona, Neliya pamiyendo, nditamugwira m'chiuno zolimba.

"Bismillah," anatero a Twaibu, n'kutchula dzina loyamba. "Lowani, mwafika kwanu."

Panja panamveka phwa, phwa.

Madzi a m'beseni anagwedezeka.

Anatchula lachiwiri, lachitatu. Sakina ankasuntha tsamba, iwo n'kuitana. Sindinaone munthu, ndisakunamizeni. Chimene ndinaona ndi madzi a m'beseni akufiira pang'onopang'ono. Chimene ndinamva ndi m'nyumba mukuthina, monga muthinira m'minibasi kondakitala akati sunthanisunthani. Fungo la nsomba zamchere linalowa n'kukhala chakumanzere kwanga. Pa dzina la khukhi uja kunadutsa kamphepo kozizira, ndipo Neliya anaseka, kuseka kwake koyamba sabata yonseyo. Atafika pa dzina la amayi awo, a Twaibu analephera kulitchula. Sakina ndiye analitchula.

Mayina anakwana makumi anayi ndi atatu. A Twaibu anapukuta nkhope.

"Atha."

Ndiye panja, pafupi penipeni ndi chitseko, wina anatsokomola. Kamodzi, mwaulemu.

Neliya anayamba kudzikoka pamiyendo panga, dzanja lija likukwera m'mwamba.

"Mwadumpha wina," ndinatero.

"Sindinadumphe!"

Sakina anabwerera m'mbuyo, tsamba ndi tsamba, zala zikuterereka. Anapeza pa tsamba lina la ku Lichinga. M'mphepete munali bowo la njenjete, ndipo m'mbali mwa bowolo munatsala timichira ta inki.

"Linadyedwa," anatero. "Achimwene, silikuwerengeka."

A Twaibu anayandikiza maso, kupendeketsa mutu, milomo ikuyenda. Nawonso linawakanika. Neliya anali atatsika kale mwendo umodzi, ndipo mphamvu zimene ankandikoka nazo sizinali za mwana amene sanadye masiku asanu.

Apo ndinaima ndekha. Ine si wa banja lawo, si wa chipembedzo chawo. Koma kwathu mlendo sitiyamba tamufunsa dzina kuti timupatse madzi. Ndinapita pakhomo mwana ali m'manja, ndinatunga madzi m'kapu yobiriwira, n'kugwada.

"Inu amene dzina lanu linadyedwa ndi njenjete, pepani, mwaima nthawi yaitali. Kaya ndinu mayi, kaya bambo, kaya mwana. Eni nyumba ndi awa, akuti lowani. Mwana wangayu ndi wapakhomo lina, musiyeni adye."

"Lowani, mwafika kwanu," anatero a Twaibu ndi Sakina pamodzi.

Phwa. Phwa. Kunali kopepuka kuposa onse aja, ngati tinsapato tating'ono.

Dzanja la Neliya linatsika. Anandiyang'ana ngati wangodzuka kutulo, n'kundigwira chibwano.

"Amama, njala."

Ndinamupakulira m'kambale kake pomwepo. Anadya ndi manja onse awiri, mpunga mpaka m'makutu, ndipo ine ndinangomusiya. Madzi a m'beseni ndinakathira patsinde pa mpapaya, matope ofiira okhaokha. Pobwerera ndinapeza galu wa eni nyumba atagona pakhonde paja, miyendo m'mwamba.

M'nyumba awiri aja anali ataimabe, aliyense mbali yake ya mkeka, ngati anthu oiwala kuti kudyera pamodzi kumayamba bwanji. Sakina anatenga jagi n'kuwathirira achimwene ake madzi m'manja. Iwo analandira jagiyo n'kumuthiriranso.

"Mawa undionetse mmene amasunthira masambawo," anatero a Twaibu. "Koma lumo lija usaligwirenso."

"Inunso mundionetse zonse zimene bambo ankakuuzani kuchipinda. Ndi parafini uja mukabweze m'nyali."

Anakhala pansi. Mkeka unali waukulu, wokwana anthu khumi, koma onse awiri anadzipanikiza pakangodya kamodzi, mawondo akugundana.

"Tasunthirani uko, achimwene, mwandithina."

A Twaibu anayang'ana mbali inayo ya mkeka, kumene mpunga wa m'thireyi unali utatsika kale pang'ono, n'kutapa wawo.

"Ndisunthire kuti? Sukuona kuti kuli anthu? Idya."